KING OLIVER NDI MBALE ZACE ZOSOWA

Pali mbale ya galamafoni imene anthu osonkhanitsa nyimbo zakale za jazi amaisirira kopambana, cifukwa yodziwika pa dziko lonse ndi imodzi yokha. Ndiyo Gennett nambala 5275, ya nyimbo ya Zulu's Ball. Mwini gulu lomveka m'mbalemo ndiye Joe Oliver, munthu wakuda wa ku Amereka, amene anzace anampatsa dzina lakuti King, ndiko kuti mfumu.

Oliver anakulira mu mzinda wa New Orleans, kumene ankaliza lipenga pa magule ndi pa maliro. Atasamukira ku Chicago anakhazikitsa gulu la Creole Jazz Band, ndipo m'caka ca 1922 anaitana mnyamata wa kwao, Louis Armstrong, kuti adzalize lipenga laciwiri.

M'mwezi wa April 1923 gululi linamuka ku Richmond, m'cigawo ca Indiana, kukajambula nyimbo kwa kampani ya Gennett. Masiku amenewo sankajambula ndi magetsi ai. Oyimba ankaima patsogolo pa cinyanga cacikulu, mau nalowa m'menemo, nagwedeza singano yolemba pa phula. Nyumbayo inali pafupi ndi njanji, kotero kuti sitima ikamapita nchito inkayamba yaima. M'caka comweco anajambula nyimbo 37 zimene tiri nazo, kwa makampani anai: Gennett, OKeh, Columbia ndi Paramount. Mau ace ngosamveka bwino, koma wochera khutu amamva malipenga awiri akulukana ngati cingwe.

Mwai sunakhale naye. Ku New York m'caka ca 1927 anakana nchito ya ku Cotton Club poti malipiro anamcepera, ndipo Duke Ellington ndiye anaitenga namveka nayo. Ndalama zimene Oliver anasunga zinatayika pamene banki inagwa. Coposa zonsezi, nthenda ya nkhama inamgulula mano, ndipo woliza lipenga wopanda mano ali ngati mlimi wopanda khasu. Potsiriza anakhala ku Savannah, m'cigawo ca Georgia, akugulitsa zipatso ndi kusesa m'nyumba ya masewera. Anamwalira m'mwezi wa April 1938. Mlongo wace ndiye anatenga mtembo nakauika ku manda a Woodlawn ku New York.

Comvetsa cisoni ncakuti pa zaka zomwezo anyamata ena a ku Amereka ndi ku Ulaya anali atayamba kale kufunafuna mbale zace m'masitolo a katundu wakale ndi khomo ndi khomo. Ku France, Charles Delaunay anasindikiza buku la Hot Discography m'caka ca 1936, lolongosola amene analiza ciani pa mbale iri yonse. Koma mbale yakale ikagulidwa, woyimbayo salandirapo kanthu.

Nchito ya anthuwa inali yofunika ndithu, pakuti zitsulo zambiri zoumbira mbale za Gennett zinagulitsidwa ngati zitsulo zacabe. Tsono pofuna kuturutsanso nyimbozo, monga anacitira a Riverside kuyambira 1953, kawirikawiri ankazitenga pa mbale zosungidwa ndi osonkhanitsa. M'caka ca 2006 a Off the Record anaturutsa pamodzi nyimbo zonse 37 za 1923, ndipo Zulu's Ball, monga mwa nthawi zonse, inacokera pa mbale imodzi ija.