ROBERT MORRISON, WOMASULIRA WA PA DOKO LA CANTON (1782-1834)

Masiku aja tiyi amene Angerezi anali kumwa anacokera ku China. Zombo za amalonda a East India Company zinali kuzungulira kumwera kwa Africa, ulendo wa miyezi yambiri, kukamtenga ku Canton, pakuti doko lina lowalola panalibe. Mfumu ya China inaika malamulo olimba: alendo akhale m'nyumba zao za malonda m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa linga la mudzi, asadze nao akazi, nyengo ya malonda itatha acoke, apite ku Macau kwa Apwitikizi, ndipo mwini dziko asayese kuwaphunzitsa cinenero.

Robert Morrison anakulira ku Newcastle, nathandiza atate wace kusema zikombole za nsapato. M'caka ca 1807 London Missionary Society inamtuma ku China. Koma akulu a Kampani anamkaniza malo m'zombo zao, poopa kuti mbusa angakwiyitse mfumu ndi kuononga malonda. Cotero anadzera ku New York, nafika ku Canton pa combo ca Amereka. Kumeneko anadzitsekera m'nyumba naphunzira mobisa, aphunzitsi ace ali ndi mantha a imfa.

Taonani tsono cimene cinacitika. Amalondawo anasowa munthu wowawerengera makalata a akulu a boma la China. Ndipo mu 1809 Kampani yomwe inamkana ija inamlemba nchito ya womasulira, kumlipira mapaundi 500 pa caka. Nchitoyi ndiyo inamcinjiriza kuti asapitikitsidwe. Usana anamasulira za mitengo ya katundu, misonkho ndi milandu ya amalinyero. Nthawi yotsala anaipereka ku Mau a Mulungu. Iye ndi William Milne anatsiriza Buku Lopatulika, ndipo linasindikizidwa ku Malacca mu 1823. Buku lace lalikuru lomasulira mau a cinenero ca China, la zigawo zisanu ndi cimodzi, linasindikizidwa ku Macau ndi ndalama za Kampani.

Tisabise cinthu cimodzi. Anthu a ku China sanafune kwambiri katundu wa ku Ulaya, ndipo Angerezi anatopa kugula tiyi ndi siliva. Pamenepo Kampani inalimitsa opium ku India, mankhwala oledzeretsa oposa camba kuipa kwace, niigulitsa kwa amalonda ena amene anailowetsa mobisa m'China. Morrison anadana nao malonda awa, komabe malipiro ace anaturuka m'thumba lomwelo. Ndiyesa ici cinalemetsa nchito yace. Woyamba kubatizidwa, Cai Gao, anamdikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Anamwalira ku Canton pa 1 August 1834, caka comwe Kampani inalandidwa ufulu wocita yokha malonda a ku China. Anamuika ku Macau pafupi ndi mkazi wace Mary, m'manda amene Kampani inagula mu 1821, pamene panasowa pomuika maiyo.