Dhyan Chand: Msilikali Yemwe Adaphunzira Hockey Pamwezi

Mawu oyamba

Ine ndidakulira kumapiri a Ntchisi, m'dera la Mfumu Kalumo. Tili ana, mwezi ukawala tinkathamangira kubwalo. Atsikana ankavina chitelera, pomwe ife anyamata tinkathyola ndodo zokhota n'kumalimbirana dzaye louma mpaka makolo atatiitana kuti tikagone. Sitinkadziwa kuti kunja kuli masewero ofanana ndi amenewa, okhala ndi malamulo ndi mabungwe owayendetsa. Dzina loti hockey ndidalimva koyamba ndili Fomu 2, pomwe mphunzitsi wina adabwera pasukulu yathu ndi ndodo zakale zisanu ndi imodzi. Iye ndiye adatiuza za Dhyan Chand. Ndodo zija zidathyoka imodziimodzi, mphunzitsi uja adasamuka, ndipo masewerowo adathera pomwepo. Pakati pathu padali mnzanga wina yemwe ankatha kudutsa anyamata asanu mpira uli kundodo. Lero amalima soya kumudzi, ndipo kupatula ife amene tidamuona, palibe akudziwa za luso lakelo.

M'chimangirizo chino ndifotokoza mbiri ya Dhyan Chand, katswiri wa hockey wa ku India. Cholinga changa ndi kuonetsa kuti luso la munthu, ngakhale likule chotani, silifika patali ngati palibe bungwe lolifunafuna, kuliyesa ndi kulilipirira ulendo.

Masewero ake

Pa hockey timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 monga pa mpira wamiyendo. Wosewera aliyense amagwira ndodo yokhota kumapeto, ndipo amaloledwa kumenya mpira ndi mbali yafulati yokha ya ndodoyo. Mpira wake ndi waung'ono ngati lalanje koma wolimba kwambiri. Chigoli chimawerengedwa pokhapokha wosewera wa timu yothira nkhondo atakhudza mpirawo m'kati mwa mzere wokhota umene umajambulidwa patsogolo pa golo. Masewerowa adakhazikika ku England ndipo adafika ku India kudzera mwa asilikali a Britain.

Kubadwa ndi kukula kwake

Dhyan Chand adabadwa pa 29 Ogasiti 1905 mumzinda wa Allahabad, umene lero ukutchedwa Prayagraj. Dzina lake lenileni lidali Dhyan Singh. Bambo ake, a Sameshwar Singh, adali msilikali ndipo nawonso ankasewera hockey. Chifukwa cha ntchitoyo banjali linkasamukasamuka mpaka lidakhazikika ku Jhansi, kotero mwanayo sadapite patali ndi sukulu. Ali wamng'ono ankakonda kwambiri masewero ogwetsana kuposa hockey.

M'chaka cha 1922 adalowa usilikali ngati msilikali wamba. Kumeneko mkulu wina wa asilikali, Bale Tiwari, adaona momwe mnyamatayo ankayendetsera mpira ndipo adayamba kumuphunzitsa. Popeza masana ankatanganidwa ndi ntchito, Dhyan ankapita kubwalo usiku mwezi ukatuluka. Mawu oti Chand m'Chihindi amatanthauza mwezi, ndipo nkhani imene imasimbidwa kwambiri ndi yoti anzake adamupatsa dzinali chifukwa cha chizolowezi chimenechi. Nditamva izi ndidakumbuka bwalo la kwathu lija.

Mu 1926 adasankhidwa m'timu ya asilikali a India imene idapita ku New Zealand. Pa masewero 21, timuyi idapambana 18, idafanana mphamvu kawiri ndipo idagonja kamodzi kokha. Dzina lake lidayamba kumveka, komabe akadangokhala katswiri wa m'misasa ya asilikali pakadapanda zimene zinkachitika m'maofesi kutali ndi iye.

Kubadwa kwa mabungwe

Pa masewero a Olimpiki a ku Paris mu 1924 padalibe hockey. Chifukwa chachikulu chidali choti masewerowa adalibe bungwe lowayimira padziko lonse. Chaka chomwecho Mfalansa wina, Paul Léautey, adasonkhanitsa maiko angapo a ku Ulaya n'kukhazikitsa bungwe limene likudziwika ndi zilembo zoti FIH. Ku India nako, mu 1925 akuluakulu adakumana ku Gwalior n'kuyambitsa Indian Hockey Federation. Bungweli lidalowa mu FIH, ndipo hockey itabwezeretsedwa pa Olimpiki ya 1928 ku Amsterdam, India idali ndi khomo lolowera.

Posankha timu, bungweli lidakonza mpikisano wa zigawo zisanu ku Calcutta kumayambiriro kwa 1928. Dhyan Chand adapatsidwa chilolezo ndi akuluakulu ake kuti asewerere chigawo cha United Provinces, chimene chidapambana. Mpikisano umenewu ndiwo udachititsa kuti msilikali wamba wosaphunzira kwenikweni aoneke pamaso pa osankha timu ya dziko. Ndalama za ulendo zidavuta, mpaka bungwe la hockey la chigawo cha Bengal lidathandizapo. Ponyamuka ku Bombay anthu owaperekeza adali owerengeka pa zala.

Mendulo zitatu zagolide

Ku Amsterdam India idasewera kasanu. Idagonjetsa Austria 6-0, Belgium 9-0, Denmark 5-0, Switzerland 6-0, kenaka m'ndime yomaliza idagonjetsa eni bwalo, Netherlands, 3-0. Pa zigoli 29 zimenezi, 14 adamwetsa ndi Dhyan Chand, ndipo golo la India silidalowe mpira ndi kamodzi komwe. Pobwerera ku Bombay adalandiridwa ndi chinamtindi cha anthu. Amene adamuona akusewera ankachita kakasi ndi momwe mpira unkamatirira kundodo yake, komanso momwe ankadziwira pamene pali mnzake asadatukule n'komwe mutu.

Olimpiki ya 1932 idachitikira kutali, ku Los Angeles, pa nthawi imene chuma cha dziko lonse chidali chitagwa. Bungwe lija lidachita kutenga ngongole kubanki, ndipo timuyo inkasewera masewero achionetsero m'maiko amene inkadutsa kuti ipeze ndalama. Matimu amene adafika adali atatu okha. India idagonjetsa Japan 11-1 ndi America 24-1. Pa masewero a America aja Dhyan adamwetsa zigoli 8, mng'ono wake Roop Singh adamwetsa 10.

Ngakhale zidali choncho, masewero amene mwini wake ankawakumbukira koposa sadali a Olimpiki. Adali a mu 1933, pomwe timu ya kwawo ya Jhansi Heroes idagonjetsa Calcutta Customs 1-0 n'kutenga chikho cha Beighton. Chigoli chimodzicho sadamwetse ndi iye, adangopatsira mnzake. Izi zikutiuza za mtima wake, komanso za kufunika kwa zikho za m'dziko zimene zimapatsa matimu a m'matauni ang'onoang'ono chinthu choti azilimbirana.

Mu 1936 adasankhidwa kukhala kaputeni wa timu yopita ku Berlin. Atangofika adagonja 4-1 pa masewero okonzekera ndi timu ya Germany. Akuluakulu oyendetsa timu sadakhale manja lende. Adatumiza uthenga kwawo, ndipo wosewera wina waluso, Ali Iqtidar Shah Dara, adatumizidwa pandege, chinthu chodula kwambiri masiku amenewo. India idagonjetsa Hungary, America, Japan ndi France osalola chigoli. Ndime yomaliza idachitika pa 15 Ogasiti itasunthidwa ndi tsiku limodzi chifukwa cha mvula. Chigawo choyamba chidatha India ikutsogola 1-0 yokha. M'chigawo chachiwiri Dhyan Chand adavula nsapato zake zaminga kuti azithamanga bwino, ndipo ngakhale adaguluka dzino atawombana ndi goloboyi wa Germany, masewerowo adatha 8-1.

Ulendo wa ku Africa ndi ukalamba

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse idalepheretsa Olimpiki ya 1940 ndi ya 1944, choncho zaka zina zabwino za moyo wake zidapita chabe. Kumapeto kwa 1947 bungwe la zamasewero la Amwenye okhala kuvuma kwa Africa lidaitana timu ya India, koma lidapempha kuti Dhyan Chand asatsale. Ali ndi zaka 42 adatsogolera timuyo, nafika ku Mombasa pasitima yapamadzi, ndipo adamwetsa zigoli 61 pa masewero 22. Hockey ya ku Kenya idapitiriza kukula m'zaka zotsatira, moti mu 1971 dzikolo lidafika pa nambala 4 pa chikho cha dziko lonse ku Barcelona.

Ku Olimpiki ya 1948 ku London sadapite, adasiyira achinyamata, omwe adagonjetsa Britain 4-0 m'ndime yomaliza. Mu 1952 buku la mbiri yake lotchedwa Goal lidasindikizidwa. Adapuma usilikali mu 1956, chaka chimene boma lidamupatsa ulemu wa Padma Bhushan, ndipo anthu amamutchula Major Dhyan Chand. Pambuyo pake adaphunzitsa hockey pasukulu ya zamasewero ya boma ku Patiala. Adakhala ndi mwayi woona mwana wake, Ashok Kumar, atamwetsa chigoli chopambanira pomwe India idagonjetsa Pakistan 2-1 n'kutenga chikho cha dziko lonse ku Kuala Lumpur mu 1975.

Masiku ake otsiriza sadali okoma. Pa nthawi yake osewera sankalipidwa, kotero adakalamba wopanda chuma. Adadwala khansa ya m'chiwindi ndipo adamwalira m'chipatala ku Delhi pa 3 Disembala 1979 ali ndi zaka 74. Mwambo wa maliro ake udachitikira kwawo ku Jhansi. Lero tsiku lake lobadwa ndi tsiku lokumbukira masewero m'dziko lonse la India, bwalo lalikulu la hockey ku Delhi lili ndi dzina lake, ndipo kuyambira 2021 mphoto yapamwamba kwambiri ya zamasewero m'dzikolo imatchulidwanso dzina lake. Ulemu wambiri udabwera mwini wake atapita kale.

Zimene zidachitika iye atapita

Asadamwalire adaona chiyambi cha kugwa kwa masewero amene adawakweza. Pa Olimpiki ya 1976 ku Montreal hockey idaseweredwa koyamba pa kapinga wochita kupanga. Pa kapinga wotere mpira umathamanga kwambiri, ndipo liwiro ndi mphamvu zimafunika mofanana ndi luso la dzanja. Maiko a ku Ulaya ndi Australia adamanga mabwalo otere ambiri, pomwe ana a ku India adapitiriza kuphunzira pa udzu ndi pafumbi. India idathera pa nambala 7 chaka chimenecho. Idapatanso golide mu 1980 ku Moscow, komwe maiko ambiri amphamvu adanyanyala, kenaka idakhala zaka 41 osapata mendulo ya Olimpiki. Mu 2008 idalephera ngakhale kupeza malo opitira ku Beijing. Chaka chomwecho bungwe lakale lija lidaimitsidwa, ndipo mu 2009 padakhazikitsidwa lina, Hockey India.

Kudzuka kudabwera pang'onopang'ono. Mu 2018 boma la chigawo cha Odisha lidayamba kuthandiza matimu a dziko ndi ndalama, ndipo lidamanga mabwalo a kapinga wochita kupanga m'madera akumidzi a boma la Sundargarh, komwe ana ambiri amasewera hockey. India idapata mendulo ya nambala 3 ku Tokyo mu 2021 komanso ku Paris mu 2024. Ana aluso adalipo zaka zonsezo. Chimene chidasintha ndi kayendetsedwe.

Phunziro kwa ife

Kuno kwathu masewerowa amayendetsedwa ndi Hockey Association of Malawi. Ku Blantyre kudamangidwa bwalo la kapinga wochita kupanga pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndipo mu 2023 lidachititsa mpikisano wa makalabu a mu Africa. Ichi ndi chinthu chonyaditsa. Koma mwana wa ku Malomo, kwa Nthondo kapena ku Mponela sangafike pabwalo limenelo ngati palibe makwerero omukweza kuchoka pamene ali.

Mbiri ya Dhyan Chand ikutionetsa makwerero amenewo. Loyamba ndi mphunzitsi wodziwa masewero, monga Bale Tiwari. Bungwe likaphunzitsa aphunzitsi awiri kapena atatu pasukulu imodzi, masewero sangafe wina akasamuka monga zidachitikira kwathu. Lachiwiri ndi zida zofika chaka ndi chaka, osati kamodzi kokha. Lachitatu ndi mpikisano wa maboma ndi zigawo, wonga wa ku Calcutta uja, kumene osankha timu ya dziko amakhalapo ndi kuona okha. Lachinayi ndi kusamala osewera akakalamba, kuti makolo asamaone masewero ngati njira ya umphawi.

Zimenezi sizifuna kuti boma lililonse likhale ndi bwalo lodula. Pali mtundu wina wa hockey wa osewera asanu mbali iliyonse, umene umaseweredwa pamalo aang'ono. Anzathu a ku Zambia, amene achinyamata awo amaphunzirira pa Olympic Youth Development Centre ku Lusaka, adafika pa nambala 4 pa mtundu umenewu pa Olimpiki ya achinyamata ku Buenos Aires mu 2018. Bwalo la mpira wamanja la pasukulu iliyonse ya ku Ntchisi lingathe kukhala poyambira.

Mawu otsiriza

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Dhyan Chand adali ndi luso losowa ndiponso khama lodzuka usiku anzake ali mtulo, koma adafika ku Amsterdam chifukwa ena adalemba makalata, adakonza mpikisano ndi kupemphetsa ndalama za sitima. Ndikapita kumudzi patchuthi ndimakumana ndi mnzanga uja akuchokera kumunda. Mwana wake wamwamuna wayamba sukulu, ndipo mwezi ukawala nayenso amathyola ndodo yokhota n'kupita kubwalo. Pempho langa kwa oyendetsa masewerowa ndi loti pomwe mwanayu azidzafika Fomu 2, adzapeze ndodo, mphunzitsi ndi mpikisano zikumudikira.