OLIVER GOLDSMITH, MWANA WA MBUSA

Oliver Goldsmith anabadwira m'dziko la Ireland, m'nyumba ya mbusa wosauka wa kumidzi, dzina lace Charles Goldsmith. Akali mwana anadwala nthomba, ndipo zipsera zace zinamkhala kumaso kufikira imfa. Atatha maphunziro pa Trinity College mu Dublin, abale ace anafuna kuti akhale mbusa monga atate wace, koma bishopu anamkana. Mu 1752 anamuka ku Edinburgh kukaphunzira za mankhwala, osatsiriza. Pambuyo pace anayenda pansi m'maiko a France, Switzerland ndi Italy, naliza citoliro pa makomo a anthu kuti ampatse cakudya ndi pogona. Anafika ku London mu 1756 ali wopanda kanthu.

Kumeneko anayamba nchito ya kulemba, nachuka nayo. Koma ndalama sizinali kugona m'dzanja lace: zina zinathera pa njuga ndi zobvala zokongola, zina kwa aumphawi, pakuti sanadziwe kubweza wopempha. Tsiku lina mwini nyumba anamgwiritsa cifukwa ca mangawa. Bwenzi lace Samuel Johnson anatenga buku limene Goldsmith adalemba, nakaligulitsa pa mapaundi 60, namuombola. Bukulo ndilo The Vicar of Wakefield, losindikizidwa mu 1766: mbiri ya mbusa amene, monga Yobu, anataya cuma ndi nyumba, naponyedwa m'ndende, nalalikira andende anzace momwemo.

Sewero lace lochuka, She Stoops to Conquer, linaonetsedwa poyamba ku Covent Garden pa 15 March 1773. Mnyamata wina, Marlow, amuka kukaona mbeta imene atate wace anamfunira. Panjira anyengedwa kuti nyumba ya a Hardcastle iri nyumba ya alendo yolipira. Motero alowa modzikuza, nalamulira mwini nyumba ngati wanchito, osadziwa kuti ndiwo apongozi ace. Inu odziwa kupatukira apongozi m'njira, lingalirani manyazi amenewo! Mnyamatayo anali wamanyazi pamaso pa akazi omveka, koma womasuka kwa adzakazi. Cifukwa cace namwali Kate adziyesa mdzakazi, kuti aone mtima wace weniweni. Ena adzati kunyenga nkunyenga basi. Komatu namwaliyo anakana kukwatiwa ndi munthu wosamdziwa, ndipo pamenepo sitimtsutsa.

Seweroli silinakalambe. Mu 2012 a National Theatre ku London analicitanso, nalijambula ndi makina a kanema pamene anthu anali kupenyerera, kotero kuti linaoneka m'nyumba za kanema za maiko ena.

Mwini wace sanakondwere nalo nthawi yaitali. Anamwalira ndi malungo pa 4 April 1774, ali ndi mangawa ngati mapaundi 2,000, naikidwa m'manda a kacisi wa Temple mu London. Kwamveka kuti tsiku lija akazi osauka, amene iye anali kuwathandiza, anakhala pa makwerero a nyumba yace, nalira.