David Livingstone: Munthu Amene Anafa Atagwada

M'bandakucha wa pa 1 Meyi, 1873, m'mudzi wa Mfumu Chitambo m'dziko limene lero ndi Zambia, anthu amene ankayenda ndi David Livingstone anam'peza atagwada pambali pa kama wake, nkhope ili m'manja. Poyamba anayesa kuti akupemphera, koma atam'khudza anaona kuti watisiya kale. Iye sanali wa mpingo wathu, komabe sabata ino, pamene tikuphunzira za pemphero ndi cholinga cha moyo, mbiri yake itithandiza kuona kuti cholinga chimene Mulungu amapatsa munthu chimasiyana ndi njira zimene munthuyo amadzikonzera.

Livingstone anabadwa pa 19 Marichi, 1813, ku Blantyre m'dziko la Scotland, m'banja losauka. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale yopota thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Ankatsamiritsa buku pa makina kuti aziwerenga akugwira ntchito, ndipo akaweruka ankapita ku sukulu ya usiku. Atapereka moyo wake kwa Khristu, anaphunzira za udokotala ndi cholinga chokatumikira ku China. Nkhondo ya pakati pa Britain ndi China inatseka khomo limenelo. Pamenepo anakumana ndi Robert Moffat, mmishonale wa ku Kuruman, ndipo m'chaka cha 1841 anafika kum'mwera kwa Africa. Dziko linasintha, koma maitanidwe ake anakhala omwewo.

M'chaka cha 1854 anafika ku Luanda, ku gombe la nyanja ya kumadzulo, atafooka ndi malungo. Anam'patsa malo m'sitima yopita kwao, koma anakana, pakuti analonjeza kubwezera kwao Amakololo amene anam'perekeza. Anabwerera nao, kenaka anapitirira kum'mawa mpaka anafika ku Quelimane m'chaka cha 1856.

Paulendowo anaganiza kuti mtsinje wa Zambezi ndiwo udzakhala mseu wa Uthenga Wabwino ndi wa malonda abwino olowa m'malo mwa ukapolo. Koma m'chaka cha 1858 mathithi a Cahora Bassa, kumtunda kwa Tete, anatsekereza sitima yake. Chifukwa cha kulephera kumeneko anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo mu Seputembala 1859 anafika pa Nyanja ya Malawi. Mu Julaye 1861, pamudzi wa Mbame, iye ndi anzake anamasula akapolo 84. Zimenezi zikutikumbutsa Machitidwe 16:6-10, pamene Paulo analetsedwa kulowa m'Asiya ndi m'Bituniya kuti akafike ku Makedoniya.

Sitiyenera kubisa zofooka zake. Munthu amene ankalankhula momasuka ndi Mulungu ankabvutika kulankhula bwino ndi anzake. Paulendo wa ku Zambezi anakangana ndi azungu amene anabwera nao, nachotsa ena pa ntchito. Mkazi wake Mary, mwana wa Moffat, anakhala ku Britain ndi ana zaka zinai, kuyambira 1852, mu umphawi ndi kusungulumwa. Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo, 1862, ndipo Livingstone anadziimba mlandu chifukwa cha banja lake. Apa pali chenjezo kwa ife akulu a mpingo, madikoni ndi atsogoleri a Dorika. Ntchito ya Mulungu sitimasula ku udindo wokhala pansi ndi kumvetsera a m'nyumba mwathu (1 Timoteo 5:8).

Ulendo wake wotsiriza unayamba m'chaka cha 1866, pofuna kupeza gwero la mtsinje wa Nile. Ankakhulupirira kuti akalipeza, maiko adzamvera mau ake otsutsa ukapolo. Bokosi lake la mankhwala linabedwa, ambiri mwa om'perekeza anam'thawa, ndipo makalata ake ochuluka sanafike kumene ankapita. Atagona miyezi ingapo ku Bambarre ndi zilonda za m'mapazi, Baibulo ndilo linali mnzake. M'dera limenelo analiwerenga lonse kanai. Pa 15 Julaye, 1871, anaona ogula akapolo akupha anthu mazanamazana pamsika wa Nyangwe. Mapepala ndi inki zinali zitam'thera, motero analemba zimene anaona pa nyuzipepala yakale ndi inki yodzipangira. Henry Stanley atam'peza ku Ujiji kumapeto kwa chaka chomwecho, anam'dandaulira kuti abwerere kwao. Iye anakana, koma anam'patsira makalata ndi zolemba zake.

Gwero la Nile sanalipeze. Mtsinje wa Lualaba umene ankauyembekezera unali wa Congo. Koma nkhani ya ku Nyangwe inagwedeza anthu a ku Britain, ndipo mu Juni 1873, masabata asanu iye atamwalira, msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa, ngakhale kuti kuno kwathu malondawo anatha m'zaka za m'ma 1890. Susi ndi Chuma anakwirira mtima wake pansi pa mtengo kwa Chitambo, nanyamula thupi lake miyezi isanu ndi inai mpaka ku Bagamoyo. Anaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo, 1874. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo mu 1902 Uthenga wa Chiadventi unapeza malo ake ku Thyolo, pamene lero pali Malamulo.

Abale ndi alongo, ambiri a ife ku Mtsiliza, ku Chinsapo ndi ku Mgona timalawirira kukasaka ganyu kapena kukayala malonda pamsika, ndipo pemphero la m'mawa ndilo limayamba kusiyidwa. Mwana akalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, kapena mpamba wa geni ukatha, timafulumira kunena kuti Mulungu watitaya. Livingstone anatsekeredwa ku China, ku Cahora Bassa ndi ku Nile, koma sanaleke kugwada, ndipo m'kupemphera anapeza mphamvu ya kuyamba njira ina osataya cholinga. Werengani Afilipi 3:13, 14 ndi Miyambo 16:9.

Zokambirana m'kalasi: Kodi ndi khomo liti limene latsekeka pa moyo wanu chaka chino? Mwam'funsa kale Mulungu ngati chimene chatsekekacho ndi cholinga kapena njira chabe? Nanga ndani m'nyumba mwanu amene akudikira kuti mukhale naye pansi sabata ino?