Dom Pierre Pérignon, mmonke wosunga vinyo wa ku Hautvillers

Pierre Pérignon anabadwira ku Sainte-Menehould, m'chigawo cha Champagne ku France, ndipo anabatizidwa pa 5 January 1639. Anaphunzira kwa ansembe a chipani cha Ajezuwiti ku Châlons, ndipo asanakwanitse zaka 20 analowa chipani cha Benedikito Woyera m'nyumba ya amonke ya Saint-Vanne ku Verdun. Mawu akuti Dom si dzina ayi, ndi ulemu umene amonke a chipanichi amaitanidwa nawo.

M'chaka cha 1668 akuluakulu ake anamutumiza ku Hautvillers, pafupi ndi tauni ya Épernay. Nyumba ya amonke ya kumeneko ndi yakalekale, anaiyambitsa ndi Nivard Woyera, episkopi wa ku Reims, cha m'ma 650. Koma nkhondo zinali zitaisakaza, ndipo inali isanadzukebe bwino. Dom Pérignon anapatsidwa udindo wa msungachuma, ndipo anaugwira zaka 47 mpaka imfa yake.

Udindowu suyenera kupeputsidwa. Benedikito Woyera anaupatsa mutu wakewake m'Malamulo ake, mutu 31. Iye amafuna kuti msungachuma akhale munthu wokhwima nzeru, wosasusuka, wosadzikuza, ndipo kuti ziwiya ndi katundu wa nyumba azizisamala monga asamalira ziwiya zopatulika za pa guwa. Ku Hautvillers katundu wamkulu anali vinyo. Vinyo ndiye ankadyetsa amonke, kukonzetsa madenga ndi kuthandiza osauka obwera pakhomo. Wina ankapita pa guwa, ndipo mpaka lero lamulo la Mpingo limafuna kuti vinyo wa pa Misa akhale wa mphesa zenizeni ndiponso wosasasa. Mgolo umodzi ukawonongeka, chinali chitatayika ndi thukuta la anthu la chaka chathunthu.

Masiku amenewo vinyo wambiri wa ku Champagne anali wofiira ndipo analibe thovu. Koma dera lake ndi lozizira, mphesa sizinkapsa mokwanira chaka chilichonse, choncho vinyoyo ankatuluka wotumbuluka ndi wopyapyala poyerekeza ndi wa ku Burgundy. Apa pali vuto, chifukwa vinyo wofiira amene amatha kusungika zaka ndi uja wa mphamvu. Akadali watsopano amaumitsa m'kamwa monga imachitira nthochi yosapsa. Akakhala zaka pamalo ozizira ndi amdima, ukali uja umatsika, masese amadikha pansi, mtundu umasintha kuchoka pa kufiira kodera kupita ku kufiira kwa njerwa, ndipo fungo la chipatso limasanduka lina lozama. Vinyo wopyapyala alibe mphamvu yopirira ulendo umenewu. Amangofooka, kenaka n'kusasa. Ngakhale Mfumu Louis XIV, imene inazolowera vinyo wa ku Champagne, dokotala wake Fagon anaiuza itakalamba kuti imusiye, izimwa wa ku Burgundy wokhalitsa.

Dom Pérignon anazindikira kuti nkhaniyi imayambira kumunda. Anakonda mtundu wa mphesa zakuda wotchedwa pinot noir. Mipesa ankaidulira kwambiri kuti ikhale yaifupi ndi kubala pang'ono, pakuti zipatso zochepa ndizo zimakoma. Okolola ankalowa m'munda m'mamawa kukadali chisisira, ndipo mphesa iliyonse yophwanyika kapena yowola ankaitaya. Pofinya ankafuna kuti zichitike msanga ndi mofatsa, madzi oyamba paokha, otsatira paokha. Mwa njira imeneyi ankatha kutulutsa vinyo woyera mbee kuchokera ku mphesa zakuda, pakuti kufiira kwa vinyo kumachokera m'makoko, osati m'madzi ake.

Chimene chinamutchukitsa pakati pa anzake ndi lilime lake. Mbale Pierre, amene anaphunzira ntchito kwa iye, analemba pambuyo pake za mmene ankalawira. Ngakhale ankayendera minda kawirikawiri, mphesa sankazilawira m'munda. Ankati zibwere kunyumba, zigone pa zenera usiku wonse, ndipo m'mawa, asanaike kanthu m'kamwa, ndi pamene ankazilawa. Atatero ankagamula kuti za munda uwu zisakanizidwe ndi za munda uja, molingana ndi mmene nyengo ya chakacho inayendera. Nyumba ya amonke inkalandiranso mphesa za chakhumi kuchokera kwa alimi a midzi yosiyanasiyana, choncho zosankha zinali zambiri. Aliyense wodziwa kuphika thobwa angamvetse chifukwa chake ankalawa asanadye: pakamwa podzaza ndi zakudya sipasiyanitsa kanthu.

Vinyo akalowa m'migolo, ntchito inali kudikira ndi kuyang'anira. Pansi pa Champagne pali mwala woyera wofewa ngati choko, ndipo zipinda zokumbidwa mmenemo zimakhala zozizira mofanana dzinja ndi chilimwe. Mmenemo ndimo vinyo ankasungidwa, akumatsanulidwira mumgolo wina nthawi ndi nthawi kuti masese atsale. Pa zaka zake minda ya amonke inakula kuwirikiza kawiri, ndipo vinyo wa ku Hautvillers ankagulidwa pa mtengo woposa wa anansi awo.

Chodabwitsa n'chakuti dziko limamukumbukira pa chinthu chimene iye sanachite. Anthu amati ndiye anatulukira vinyo wa thovu uja wotchedwa champagne. Zoona zake, thovu linali mdani wake. Kuzizira kwa dzinja kunkaimitsa kuwira kwa vinyo asanamalize, ndipo kukayamba kufunda ankayambiranso kuwira ali kale m'botolo. Mabotolo a nthawi imeneyo anali osalimba, ankaphulika, limodzi n'kuphulitsa anzake. Msungachuma wanzeru sakanakondwera nazo. Komanso ku London, Christopher Merret anali atalemba kale mu 1662 za kuthira shuga m'vinyo kuti achite thovu, Dom Pérignon asanafike n'komwe ku Hautvillers. Nthano zambiri za iye zinakula chifukwa cha kalata ya Dom Grossard ya mu 1821, patapita zaka zoposa 100 chimwalirireni mwini wake. Zoti anali wakhungu nazonso zilibe umboni.

Anamwalira mu September 1715, mwezi womwewo umene anamwalira Louis XIV. Amonke anzake anamuika m'tchalitchi chawo, pa malo amene ankasungira akulu a nyumbayo okha, ngakhale iye sanakhalepo mkulu wa nyumba. Nyumbayo inatsekedwa pa nthawi ya chipolowe chachikulu cha ku France, ndipo malo ake tsopano ndi a kampani ya Moët & Chandon, imene kuyambira mu 1936 imagulitsa vinyo wa thovu wa mtengo wapatali m'dzina lake. Tchalitchi chija chikadalipo, ndi cha parishi ya Hautvillers, ndipo mwala wa pamanda ake uli pansi patsogolo pa guwa.