Mzimai amene anapanga nyimbo na leza na tepi

Manje m'tauni muno kulibe kothawila nyimbo za makina. Mu minibasi zilimo, ku makilabu pa Cisanu usiku ndiye osakamba, ngakhale pa kicheni pati azimai amavinila zocokela mu laputopu. Koma funsani anthu kuti n'ndani anayamba kupanga nyimbo popanda gitala kapena ng'oma, mudzamva maina a amuna okhaokha. Lelo nifuna nikuuzeni za mzimai wa ku England, Delia Derbyshire, amene anagwila nchito imeneyi makompyuta oimbila akalibe kubwela.

Delia anabadwa pa 5 May 1937 mu mzinda wa Coventry. Atate ake anali kusewenza nchito ya malata. Mu 1940, ali na zaka zitatu cabe, ndeke za Germany zinaponya mabomba pa mzindawo. Kulila kwa masailini ocenjeza anthu kunamukhala m'mutu, cakuti atakula anali kukamba kuti ndiko kunamuyambitsa kukonda mawu a makina.

Mtsikanayu anali na mutu. Anaphunzila masamu na nyimbo ku Girton College, pa yunivesiti ya Cambridge. Atatsiliza mu 1959 anakafunsa nchito ku kampani ya malekodi ya Decca, koma anamubweza, ati mu situdiyo yawo salembamo akazi. Imwe, digili ya ku Cambridge m'manja, koma citseko n'cotseka! Anayamba wasewenzako ku Geneva, ndipo mu 1960 analoŵa BBC. Mu 1962 anapempha yekha kuti amutumize ku Radiophonic Workshop ku Maida Vale mu London, kumene anali kupanga mawu acilendo oika m'maseŵelo a pa wailesi na pa TV. Malowa anawatsegula mu 1958, ndipo mmodzi wa amene anawayambitsa anali mzimai mnzake, Daphne Oram.

Nchito yake inali ya thukuta, mwandi. Anali kujambula liwu limodzi pa tepi, monga la waya wokoka na cala kapena la makina opimila zipangizo za wailesi. Akathamangitsa tepi, liwulo linali kukwela. Akaicedwetsa, linali kutsika. Ndiyeno anali kupima utali wa tepi, kuidula na leza, na kulumikiza tuzidutswa kamodzi-kamodzi mpaka nyimbo ituluke. Apa m'pamene masamu anamuthandiza, cifukwa pa tepi utali wa kacidutswa ndiwo utali wa liwu.

Mu 1963 Ron Grainer analemba pa pepala nyimbo yotsegulila pulogilamu yatsopano ya pa TV, Doctor Who. Delia, mothandizidwa na Dick Mills, ndiye anaisandutsa mawu omveka na njila yake ija ya leza. Inamveka koyamba pa 23 November 1963. Grainer atamvela anadabwa kwambili, ndipo anafuna kuti dzina la Delia lilembedwe pamodzi na lake. A BBC anakana, pakuti lamulo lawo linali lakuti anchito a ku Workshop asamachulidwe maina. Conco nyimbo inazungulila dziko lonse, koma Delia sanalandileko ndalama za umwini wake. Dzina lake linadzaoneka pa pulogilamuyo mu 2013, patapita zaka 50.

Sanalekele pamenepo. Pa filimu ina yokamba za anthu a mtundu wa Tuareg a m'cipululu ca Sahara, anapanga nyimbo pogogoda cisoti ca citsulo ca nyale yamagetsi na kusintha kulila kwake. Mu 1969, iye na David Vorhaus na Brian Hodgson anatulutsa lekodi yochedwa An Electric Storm pansi pa dzina lakuti White Noise. Anali katswili wolumikiza tepi kutsogolo na kumbuyo kuti izingozungulila, kubweleza kacigawo kamodzi kosalekeza. Ine nikamvela house, techno kapena amapiano, nimamva nzelu imodzimodziyo: tenga liwu, lidule, libweleze mpaka thupi liyambe kugwedezeka. Cimene mnyamata amacita na kubofya kumodzi lelo, Delia anali kucezela naco usiku wonse.

Mu 1973 anacoka ku BBC. Makina atsopano a sinthesaiza anali atafika, nchito anali kuifuna mwamsangamsanga, ndipo iye sanakondwele nazo. Pambuyo pake anasewenza nchito zina, monga yolankhula pa wailesi ya kampani yoika mapaipi a gasi, na yogulitsa mabuku. Moŵa nawonso unamuvutitsa. Anamwalila pa 3 July 2001 ku Northampton na matenda a impso, ali na zaka 64.

Atamwalila, m'kacipinda ka ku denga la nyumba yake munapezeka matepi 267, amene manje amasungidwa ku yunivesiti ya Manchester. Pa ina mwa matepiwo panali kanyimbo ka kugunda kofanana na techno, kopangidwa zaka zambili techno ikalibe kubadwa. Gulu la nyimbo zovina la Orbital linapanganso nyimbo ya Doctor Who m'njila yake, ndipo mu 2017 yunivesiti ya Coventry inapatsa Delia digili yaulemu. Zonsezi n'zabwino, koma zambili mwa izo mwini wake sanazione.

Ici ndiye cimanipweteka mtima. Na muno mwathu, m'tumasitudiyo twa m'makomboni, muli atsikana amene amaika mawu, kupanga biti kapena kusakaniza nyimbo, n'kupatsidwa cabe ya basi yobwelela kunyumba. Nyimbo ikagunda, dzina lawo kulibe. Alongo anga, mukalibe kucoka mu situdiyo, gwilizanani za dzina lanu, mulembelane pa pepala, ndipo nchito yanu mukailembetse ku ZAMCOPS. Ndalama za umwini zimalondola dzina lolembedwa. Ngati dzina lanu palibe, zidzapita kwa wina, monga mmene zinacitikila kwa Delia.