Martin Luther (1483–1546): Mmonke Amene Adaleka Kugula Chipulumutso

Pali mlandu umene adamneneza nawo Martin Luther akali moyo, ndipo mpaka lero ena akumnenezabe. Akuti iye adaphunzitsa anthu ulesi, pakuti ngati munthu apulumuka ndi chikhulupiriro chokha, avutikirenji kuchita zabwino? Ife a mipingo yobadwa m'Kukonzanso sitingauzembe mlandu umenewu. Pa Sabata timalalikira chisomo chaulere, koma mkati mwa mlungu tikhala pabwalo la akulu a mpingo kumva milandu ya Akhristu amene zipatso zao sizioneka. Tsono tiyeni tilondole mapazi a mwini wakeyo, tione chimene adachita ndi ntchito zabwino atazichotsa pa maziko a chipulumutso.

Luther adabadwira ku Eisleben m'dziko la Germany pa 10 Novembala 1483, nakulira ku Mansfeld kumene bambo wake, Hans, adali kugwira ntchito ya migodi ya mkuŵa. Bamboyo adafuna kuti mwana wake adzakhale wodziŵa malamulo, choncho mu 1501 adamtumiza ku sukulu yaukachenjede ya ku Erfurt. Koma pa 2 Julayi 1505, mnyamatayo ali paulendo pafupi ndi mudzi wa Stotternheim, mphezi idagwa pambali pake. Chifukwa cha mantha adapfuulira kwa Anna Woyera nawinda kuti akapulumuka adzakhala mmonke. Patapita masabata aŵiri adagogoda pakhomo la amonke a Augustine ku Erfurt, bambo wake ali wokwiya kwambiri. Mu 1507 adadzozedwa unsembe.

Ngati padakhala munthu amene adayesetsa kukwera kumwamba pa makwerero a ntchito zake, munthuyo ndi Luther. Adasala zakudya kopitirira lamulo la nyumbayo, adachezera usiku kupemphera m'chisanu, ndipo poulula machimo adali kutopetsa womvera wake, nthaŵi zina kufikira maora asanu ndi limodzi. Akatuluka kouluka machimoko, pomwepo adali kukumbukira tchimo lina limene adaliiŵala. Cha m'ma 1510 adatumidwa ku Roma, kumene adakwera chogwada makwerero 28 amene anthu ankati ndi a m'nyumba ya Pilato, akunena Pemphero la Ambuye pa kwerero lililonse, kuti awombole agogo ake ku puligatoliyo. Atafika pamwamba, mtima wake udafunsa ngati zonsezo zidali zoona.

Chidamsautsa Luther sichidali kuchepa kwa ntchito zake ayi. Iye adazindikira kuti zonse adali kuzichita chifukwa cha mantha ndi chifukwa cha kudzikonda, kuti apulumutse khungu lake, pamene lamulo lalikulu lifuna kuti munthu akonde Mulungu ndi mtima wonse. Nanga angamkonde bwanji Woweruza amene amuwopa usana ndi usiku? Pambuyo pake adavomera yekha kuti masiku amenewo adafika podana naye Mulungu wolungamayo. Mbusa aliyense amene adakhalapo pamphasa ya mkulu wa mpingo wodwala, munthu amene adatumikira zaka makumi anai koma afunsabe ngati zimene adachita zakwanira, adziŵa kuti nthendayi sidathere ku Erfurt.

Mkulu wa amonkewo, Johann von Staupitz, ataona kuti uphungu sukumthandiza, adamsenzetsa katundu wina. Adamkakamiza kutenga udokotala wa maphunziro a zaumulungu mu 1512 ndi kuphunzitsa Baibulo ku Wittenberg. Adayamba ndi Masalmo mu 1513, kenaka Aroma mu 1515, nadzafika pa Agalatiya. Pa Aroma 1:17 mpamene adapunthwa, ndipo mpamenenso adadzukira. Mau onena za chilungamo cha Mulungu iye adali kuŵamva ngati muyeso umene Mulungu alangira nawo ochimwa. Pang'ono ndi pang'ono adaona kuti Paulo akunena za chilungamo chimene Mulungu apatsa wochimwa kwaulere chifukwa cha Khristu, ndipo chikhulupiriro ndicho dzanja lopanda kanthu lolandirira mphatsoyo.

Nkhani ya 1517 njodziŵika. Johann Tetzel adali kugulitsa zikalata za chikhululukiro ku Jüterbog ndi midzi ina yapafupi, ndalama zake zina zomangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma, zina zobwezera ngongole ya Albrecht, bishopu wamkulu wa ku Mainz. Pa 31 Okutobala Luther adatumiza kwa Albrecht mfundo zake 95. Chimene ambiri sachisamala nchakuti m'mfundo zomwezo, makamaka ya 43 ndi ya 45, iye akumenyera nkhondo ntchito zachifundo. Adaphunzitsa kuti kupatsa mmphaŵi kapena kukongoza wosoŵa kuposa kugula chikalata, ndi kuti wolambalala mnzake wovutika kuti akagule chikhululukiro adziitanira mkwiyo wa Mulungu. Zikalatazo zidali kulanda amphaŵi paŵiri: zidatenga ndalama zao, zidatenganso za iwo amene akadaŵathandiza.

Adani ake atayamba kufalitsa mbiri yoti iye aletsa ntchito zabwino, Luther adayankha mu 1520 ndi buku lonena za ntchito zabwino zomwezo, loyalidwa pa Malamulo Khumi. M'menemo adati ntchito yoyamba ndi yaikulu ndiyo kukhulupirira, ndipo zina zonse zitenga ubwino wao kuchokera pamenepo. Potero adagwetsa mpanda umene udalekanitsa ntchito zopatulika ndi ntchito wamba. Mai wolera mwana, mlimi wogwira khasu, wantchito wosesa m'nyumba, akachita zimenezi mokhulupirira, atumikira Mulungu mosachepera mmonke woyimba usiku. Chakumapeto kwa chaka chomwecho adalemba kabuku ka ufulu wa Mkhristu, m'mene adatenga fanizo la Ambuye la mtengo ndi zipatso zake: zipatso sizisandutsa mtengo kukhala wabwino, koma mtengo wabwino sungaleke kubala. Munthu amene sasoŵanso kudzigulira chipulumutso, manja ake amasuka, ndipo ntchito zimene kale adali kuziunjika pamaso pa Mulungu tsopano azipereka kwa mnansi wake amene azisoŵadi. Ndiyesa apa mpamene pagona mtima wa chiphunzitso chake chonse.

Papa adamchotsa mu Mpingo mu Januwale 1521, ndipo mu Epulo adakana kubweza mau ake pamaso pa mfumu yaikulu Charles V ku Worms. Pobisala m'linga la Wartburg adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani pa masabata ngati 11, ndipo chidasindikizidwa mu Seputembala 1522. Pa Aroma 3:28 adawonjeza liu lotanthauza kuti chokha, ponena kuti chiyankhulo chao chifuna chomwecho. M'mau oyamba a bukulo adaipeputsa kalata ya Yakobo, naiyerekeza ndi udzu. Pano sitipita naye limodzi. Yakobo alimbana ndi chikhulupiriro chapakamwa, Paulo alimbana ndi kudalira ntchito, ndipo aŵiriŵa aima chofulatirana chifukwa adani ao achokera mbali ziŵiri. Komabe Luther sadaichotse kalatayo m'Baibulo lake.

Funso lenileni lidali lakuti: anthu ataleka kupereka zachifundo pofuna mphotho, amasiye adya chiyani? Mu 1523 Akhristu a ku Leisnig, ndi uphungu wa Luther, adakhazikitsa bokosi la chuma cha onse, ndipo iye adalemba mau oyamba a malamulo ake. Bokosilo lidali ndi maloko anai ndi oyang'anira 10, osankhidwa mwa mafumu, aphungu a mudzi, anthu a m'tauni ndi alimi. Mmenemo mudachokera malipiro a mbusa ndi mphunzitsi, chakudya cha okalamba ndi odwala, chithandizo cha ana amasiye, ndi ngongole za amisiri osauka. Kupemphetsa m'miseu kudaletsedwa, popeza mpingo udavomera kuti mmphaŵi ndi katundu wake.

Mayeso aakulu adadza mu Ogasiti 1527, pamene mliri udaloŵa m'Wittenberg. Mfumu ya dzikolo, John, idasamutsira sukulu yaukachenjede ku Jena nilamula Luther kuti apite nawo. Iye adakana, natsala pamodzi ndi mbusa wa mudziwo, Johannes Bugenhagen. Mkazi wake Katharina von Bora, amene adamkwatira mu 1525, adali ndi pakati, kamwana kao Hans kadadwala, ndipo Luther mwini adali wofooka m'thupi ndi wovutika mumtima. Ngakhale zidali choncho nyumba yao idasanduka chipatala. Poyankha abusa a ku Breslau amene adafunsa ngati Mkhristu aloledwa kuthaŵa mliri, sadatamande kulimba mtima kwake kapena kutsutsa othaŵa. Adati wopanda udindo womumanga angathe kuchoka, koma mbusa, wolamula, ndi aliyense amene mnansi wake atsala wopanda womsamala, akhale. Adadzudzulanso okana mankhwala ndi osasamala kupatsira anzao nthenda, nati kutero nkuyesa Mulungu. Mwana amene adabadwa mu Disembala chaka chimenecho, Elisabeth, adamwalira asanathe chaka.

Tisaganize kuti zonse zidayenda bwino. Poyendera mipingo ya m'midzi ya Saxony mu 1528, Luther adapeza anthu osadziŵa Pemphero la Ambuye ngakhale Malamulo Khumi, amene adamva za ufulu wokha naleka zina zonse. Mtima udamuŵaŵa, ndipo mu 1529 adalemba Makatekisma aŵiri, Wamkulu ndi Wamng'ono. Pofotokoza lamulo lililonse sadalekeze pa choletsedwa, koma adatchulanso chabwino chimene tiyenera kumchitira mnzathu: kusapha kutanthauzanso kumthandiza m'zosoŵa za thupi lake. Kuyambira 1537 adalimbana ndi bwenzi lake lakale, Johann Agricola, amene adaphunzitsa kuti Chilamulo chisalalikidwenso mu mpingo. Ubwenzi udatha, Agricola nasamukira ku Berlin mu 1540. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene mipingo yathu ya Chikonzedwe imdziŵa, adatsata mkwaso womwewo poika ntchito zabwino m'chigawo chachitatu, cha kuyamika, chipulumutso chitafotokozedwa kale.

Pali zina m'moyo wake zimene sitingaziphimbe. Pa kuwukira kwa alimi mu 1525, atayamba wadzudzula mafumu chifukwa cha nkhanza zao, adalemba kabuku kaukali kolimbikitsa mafumuwo kukantha alimi mosaleka, ndipo anthu zikwi zambirimbiri adaphedwa. Mu 1543 adalemba zoipa kwambiri zotsutsa Ayuda, mpaka kulangiza kuti masunagoge ao atenthedwe, mau amene a Nazi adadzaŵagwiritsa ntchito patapita zaka mazana anai. Munthu amene adaphunzitsa bwino chotere za mnansi, adalephera kuzindikira mnansi mwa Myuda. Mipingo ya Chilutera ya masiku ano idazikana poyera zolemba zimenezi.

Ntchito yake yotsiriza idali yoyanjanitsa. Mafumu a ku Mansfeld, apachibale, adali kukangana za chuma ndi ulamuliro, ndipo adamuitana. Pa 23 Januwale 1546 adanyamuka m'nyengo yachisanu ndi ana ake aamuna atatu, ali wodwala mtima, nachedwa masiku angapo ku Halle chifukwa mtsinje wa Saale udasefukira. Adakhala pa mlanduwo ku Eisleben pafupifupi masabata atatu, akulalikiranso, kufikira mafumuwo adagwirizana. Usiku wotsatira chifuwa chidamgwira. Mnzake Justus Jonas adamfunsa ngati afa wolimbika mwa Khristu ndi m'chiphunzitso chimene adalalikira, iye navomera momveka. Adatsirizika mbandakucha wa pa 18 Febuluwale, m'mudzi womwe adabadwira, ali ndi zaka 62. Adampeza ndi kapepala kamene adalembapo masiku aŵiri asanafe, komaliza ndi kuvomera kuti pamaso pa Mulungu tonse ndife opemphetsa. Maliro ake adaŵanyamula kunka ku Wittenberg, ndipo pa 22 Febuluwale adaikidwa m'tchalitchi cha ku linga la mfumu, pafupi ndi gome lolalikirapo. Bugenhagen, amene adapirira naye m'mliri muja, ndiye adalalikira.